Nsapato za Mlamu Wanga

Ine nkhope za anthu sindisunga. Mukhoza kundipatsa moni lero, mawa n'kukufunsani kuti ndinu ndani. Koma nsapato imene inadutsapo m'manja mwanga ndimaizindikira ngakhale patapita zaka khumi, ili pa phazi la munthu kutsidya kwa msewu. Ndakhala zaka makumi awiri ndi zitatu pa kampando komweko, pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndi bokosi langa la misomali, guluu, ulusi ndi hamala. M'masiku a boma lakale lija ntchito yangayi inali yabwino chifukwa imamuweramitsa munthu, ndipo amene ankakonda kudzutsa mutu sankachedwa kusowa.

Mlamu wanga, mwamuna wa achemwali anga aakulu, ankagwira ntchito yowerenga mamita a madzi. Tsiku lonse ankayenda nyumba ndi nyumba, kabuku m'manja, agalu akumuuwa. Mwendo wake wakumanzere unali wofupikirako chibadwire, ndiye akagula nsapato ankayamba wabwera nazo kwa ine. Ndinkadula mphira wa tayala, zigawo zitatu, n'kumata, n'kukhomera pa chidendene chakumanzere kuti aziyenda mowongoka. Ndinkamuseka kuti banja lake ndinamanga ndine, chifukwa akanakafunsira akutsimphina achemwali akanamuthira madzi otsukira mbale. Iye ankangoseka n'kumati, "Khomani alamu, pakamwa pasiyeni."

Tsiku lina akuluakulu ake anamupatsa mndandanda wa misewu yoti akatsekeko madzi. Inali misewu imene anthu ake sanapite ambiri ku msonkhano wa Mtsogoleri wa dziko. Mlamu anawerenga pepalalo, n'kulibwezera pa tebulo, n'kunena kuti iye analembedwa ntchito yowerenga mamita, yolanga anthu sanaiphunzire. Sanakalipe, sanatukwane munthu. Patatha masiku anayi anachoka m'mawa kupita kuntchito ndipo sanabwerenso.

Achemwali anazungulira kuchipatala, kupolisi, mpaka anakafika ku ofesi ina ya m'mwamba, ya makatani obiriwira. Kumeneko bambo wina waulemu kwambiri anawapatsa mpando, anawapatsanso madzi akumwa, kenako n'kuwaonetsa pepala lodinda chidindo. Pepalalo linkati mwamuna wawo anadutsa pa malire a dziko tsiku lakutilakuti, ali ndi mkazi wina.

"Pepani mayi," anatero bamboyo, "amuna ndi choncho. Ife tikusungirani chinsinsi, inunso musadzichititse manyazi."

Nzeru zawo zonse zinali pamenepa, ndipo mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa. Akanati tamumanga, achemwali akanalira mokweza msewu wonse n'kumva. Koma mkazi wothawidwa amalirira m'bulangete. Anatsitsa chithunzi cha ukwati pakhoma, zovala za mlamu anazilonga m'thumba n'kuponya pamwamba pa kabati. Kumsika anasintha njira kuti asamakumane ndi odziwana nawo. Dzina la mwamuna wawo linasanduka "galu uja". Ine ndinkakayikira ndithu, chifukwa munthu amene ankachita manyazi ngakhale kupempha mchere kwa aneba akanaba bwanji mkazi? Koma ndinatseka pakamwa. Ndinali wamantha, sindibisa.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, Lachiwiri lina masana, panabwera msilikali wa kundende, bambo wa masaya onenepa, atanyamula kathumba ka pulasitiki.

"Ashumeka, tandikonzerani izi. Chikopa ndi chenicheni, koma amene anazisoka anali ataledzera. Yakumanzereyi ndi yaitali, ndikavala ndikuyenda ngati bakha."

Ndinaitembenuza nsapatoyo. Zigawo zitatu za mphira. Misomali isanu ndi umodzi, womalizawo wopindika pang'ono chifukwa tsiku limene ndinkaukhoma mlamu anandiseketsa hamala n'kuterereka.

"Zokongola, bwana," ndinatero, osadzutsa mutu. "Munagula kuti?"

"Kugula? Amatigawira kuntchito. Kuli chipinda chodzaza, umangosankha saizi yako. Eni ake sazifunanso." Anayang'ana wotchi yake. "Ndidzatenga Lachisanu masana."

Kuchotsa mphira pa chidendene ndi ntchito ya mphindi khumi. Ndinatenga pulayala, ndinagwira msomali woyamba, ndipo mutu unkandiuza zomveka bwino: zula, salaza, paka polishi, munthu atenge nsapato zake, iwe ukalambe pa kampando kako. Achemwali anali atazolowera kale mkwiyo wawo, unkawadzutsa m'mawa n'kuwagwiritsa ntchito. Ndikawalanda mkwiyowo ndiwapatsa chiyani? Koma dzanja linakana. Ndinakhala choncho mpaka mayi wina amene ankadikira silipasi yake anandifunsa ngati ndikudwala.

Lachitatu m'mawa ndinawapeza achemwali akuchapa kuseri kwa nyumba, ana atapita kusukulu. Ndinaika kathumba kaja pa mwala wochapira.

"Mwatitengera chiyani, achimwene? Inu kubwera ndi kanthu m'manja, mvula igwa lero."

Anapukuta manja pa nsalu n'kutsegula. Kuseka kunathera panjira. Anatulutsa yakumanzere, anaitembenuza, kenako analowetsa dzanja m'kati mpaka kuzala, ngati akufunamo kanthu. Ndinawafotokozera zonse, za msilikali, za chipinda chodzaza. Anamvetsera osaphethira.

"Ndiye anadutsa malire wopanda nsapato?" anafunsa pang'onopang'ono. "Munthu woti popanda izi sankafika ngakhale pa golosale?"

Ndinangoti, "Achemwali, ndazibweretsa kuti mungoona. Lachisanu mwini wake akubwera kudzatenga."

"Mwini wake?"

Anandiyang'ana diso limene anandiyang'anapo komaliza ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinachita manyazi mpaka kumapazi.

"Pitani kuntchito," anatero. "Lachisanu ndidzabweretsa ndekha."

Zimene anachita Lachinayi ndinazimva pambuyo pake. Kumsika kunali mayi wina wogulitsa tomato amene ankazembana naye miyezi yonseyi, chifukwa onse awiri anali atamva mphekesera zoti mnzake anathawidwa, ndipo aliyense ankaopa kufunsidwa. Achemwali anapita molunjika pa benchi lake n'kumufunsa kuti, "Anzanga, makatani ake anali amtundu wanji?" Mayiyo anagwetsa mbale. Obiriwira. Bambo waulemu yemweyo, madzi akumwa omwewo, mawu omwewo akuti amuna ndi choncho. Watomatoyo ankadziwa mkazi wa dalaivala wina, mkazi wa dalaivala ankadziwa namwino, namwino ankadziwa gogo wina amene anauzidwa kuti mwana wake anathawa ndi mkazi wa mwini. Pofika madzulo anali khumi ndi mmodzi, atakhala m'chipinda cha achemwali, akuyala mapepala awo pa tebulo. Ankangosiyana mayina ndi masiku.

Masiku ano anthu ophunzira amakonda kufotokoza kuti zinthu zinayamba ndi njala, ena amati ndi ana a sukulu zapamwamba, ena amati ndi mayiko akunja. Mwina akunena zoona, ine sukulu ndinalekeza panjira. Koma njala inalipo kale zaka zambiri, ndipo tinkaipirira. Chimene ndinaona ine n'chakuti boma lija linkatisunga aliyense payekha, aliyense ndi kamanyazi kake kapena kamantha kake, akuyesa kuti tsoka lagwera iye yekha. Tsiku limene anthu khumi ndi mmodzi anaonetsana mapepala, chingwe china chinaduka.

Lachisanu amayi aja anafika dzuwa lili pamutu, n'kukhala pansi pakhonde, mondandalika, kuyambira pa bokosi langa mpaka pa khomo la sitolo. Sananyamule chikwangwani, sanaimbe nyimbo. Achemwali anakhala pafupi ndi ine, nsapato zili pamiyendo. Mwini sitolo anasuzumira, n'kubweza chitseko theka. Ine ndinkasoka chikwama cha munthu wina, ndipo ndinadzibaya chala katatu.

Msilikali uja anatulukira akutokosa m'mano.

"Ashumeka, zatha? Kodi lero pali maliro pano?"

Apa ndikanatha kunena kuti nsapato zabedwa, kapena kuti amayiwa sindikuwadziwa. Bodza linali kale pa lilime. Ndinaimirira.

"Sindinakonze, bwana. Zinali zokonzakonza kale. Woledzera munkanena uja ndine. Ndinasokera mlamu wanga, mwamuna wa mayi awa."

Mawu anga anatuluka opyapyala ngati a mwana, koma anamveka. Wogulitsa nyuzipepala anasiya kuitanira. Anthu amene ankadikira basi anatembenuka.

"Madala, mukudziwa zimene mukuyankhulazi?" anatero msilikaliyo. "Mukufuna mukagone kuti lero?"

Anayang'ana uku ndi uku kuti aone amene angamuthandize, koma anangoona anthu akuwonjezekera, ali chete, ndipo iye anali yekha, pa nthawi ya nkhomaliro, wopanda ngakhale chibonga. Gogo uja sankamuyang'ana kumaso, ankangoyang'anitsitsa nsapato zimene anavala. Msilikaliyo anabweza phazi limodzi kumbuyo.

Achemwali anadzuka. Sanakweze mawu.

"Bambo, sindikufunsa amene anachita. Inu mwina mumangotsegula geti. Ndikufunsa chinthu chimodzi, ndipo mundiyankhe ngati munthu wobadwa kwa mayi. Ndimudikire kapena ndimulire?"

Bamboyo anataya kamtengo kotokosera m'mano kaja. Thukuta linkatsika m'masaya. Ndikhulupirira kuti pa zaka zonse za ntchito yake anthu ankamupempha, kumunyengerera kapena kumuthawa, koma panalibe anamufunsapo choncho. Anayankha motsitsa, moti tinamva ndife apafupi okha.

"Zimene zimalowa m'chipinda chija ndi za amene anatuluka atanyamulidwa. Wotsimphina uja ndikumukumbukira. Sanathe masabata awiri." Anayang'ana nsapato zija. "Mulireni, mayi."

Watomato anafunsa kuti wati chiyani, ndipo mawuwo anayenda pakhonde ponse, kuchoka pakamwa kupita pakamwa, mpaka mumsewu. Achemwali anatembenukira kwa ine. Nkhope yawo sindidzaiiwala, ine amene nkhope sindisunga.

"Achimwene," anatero, "miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikutukwana maliro."

Kenako analira. Analira mokweza, pakati pa tauni, masana dzuwa likuswa mtengo, akutchula mwamuna wawo dzina lake lenileni, akumupepesa. Mkazi wa dalaivala analandira kulirako, namwino analandira, ndipo kutsidya kwa msewu mayi wina amene sitinkamudziwa n'komwe anatula dengu lake n'kuyamba kufuula dzina la munthu wake. Inenso ndinalira, ndipo m'kuliramo ndinazindikira kuti mantha andichoka, sindikudziwa kuti anachoka nthawi yanji.

Atatopa, achemwali anapukuta m'maso, anakumbatira nsapato zija pachifuwa, n'kuyamba kuyenda kulowera kundende. Amayi aja anawatsatira. Ine ndinasiya chikwama cha mwini chili ndi singano, bokosi lili pululu, n'kulowa pakati pawo. Pofika pa mphambano magalimoto anali ataima, makondakitala akutsika, atelala akutuluka m'mashopu tepi ili m'khosi.

Boma lija linagwa patapita chaka ndi miyezi ingapo, ndipo ambiri amene tinayenda nawo tsiku limenelo sanafike n'kuona. Koma masana amenewo panalibe ankaganiza zogwetsa boma. Tinkangopita kukawauza a kundende kuti atitsegulire chipinda chija, aliyense akafunemo za munthu wake.