Malaya Oyera a Wojambula

Atatha kudya madzulo, a pabanjapo anakhuthulira zithunzi zonse pamkeka. Maliro anali atatha, anthu atabalalika, koma pakhoma la pabalaza panalibe chithunzi cha malemu.

"Munthu wojambula tauni yonse, osasiya nkhope yake ndi imodzi yomwe?" anadandaula bambo aang'ono, mng'ono wa malemuyo. "Alamu, tafufuzani bwino."

"Ndapisa mpaka m'chikwama cha kamera," anayankha mayi wamasiyeyo. "Achimwene anu ankati malo a wojambula n'kumbuyo. Nanga adzukulu ndidzawaonetsa chiyani ine?"

Mwana wawo wamkazi ankatola zithunzizo chimodzichimodzi. Anthu onsewo anajambulidwa kunja kutada: wowotcha nyama, mlonda wa pasitolo, namwino akudikira basi. Bambo ake sankaifuna fulashi, getsi long'anima la kamera lija, ankati imatsuka nkhope ngati mbale. Ankamuimika munthu chammbali mwa windo lowala la sitolo kuti kuwala kugwere tsaya limodzi, magetsi a mumsewu n'kutsalira kumbuyo ngati ziphaniphani.

"Koma amayi," anafunsa mwanayo, "kuwala kunkachokera mbali imodzi. Nanga tsaya linalo silikuda bwanji?"

Mayiwo anaseka, koyamba chichitikireni zovutazo.

"Malaya oyera aja! Bambo ako ankaima pafupi kuti kuwala kumenye pachifuwa pawo n'kubwerera kwa munthuyo. Manja angawa anatha n'kuchapa. Ndikati valaniko akuda, amvekere, 'Ukufuna undizimitsire nyale?'"

Mwanayo anasendeza chithunzi cha namwino pansi pa getsi, n'kuchiyang'anitsitsa. Kenaka anakodola amayi ake ndi bambo aang'ono.

"Tabwerani muone m'diso umu."

M'diso la namwinoyo munali kadontho koyera, kokhala ndi mapewa. Anatola cha mlonda, kanalimo. Cha wowotcha nyama, kanalimonso, katapendekera kumanzere monga ankaimira malemu akamajambula. Anayala zithunzi mkeka wonse, ndipo diso lililonse linali litasunga bambo ake.

Bambo aang'ono anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Achimwene," ananong'ona, "kani muli monsemu?"

Mayiwo anangogwira pakamwa, akuyang'ana nkhope za anthu osawadziwa zimene zinali kuwabwezera mwamuna wawo.

Kutacha, bambo aang'ono anakhoma msomali pabalaza, n'kupachikapo chithunzi cha namwino uja. Mayiwo anachapa malaya oyera n'kuwayanika pachingwe. Dzuwa litawamenya, anaitana mwana wawo amene ankadutsa ndi ndowa.

"Taima apa, pafupi ndi malayawa. Ayi, chammbali. Eya, choncho."