Mabotolo Atatu Pansi pa Bedi

Makina a chipatala a pambali pa bedi analiranso kachinayi usiku umenewo, ndipo Edna sanatsegule n'komwe maso. Anangotambasula dzanja n'kugwedeza mwamuna wake.

"Bambo a Mwai, tembenukani. Mwagonera paipi."

"Sindinaigonere," anayankha Macdonald ndi mawu olema. Komabe anadzuka n'kuimirira m'mbali mwa bedi ngati mwana wopatsidwa chibalo kusukulu.

Impso za Macdonald zinasiya kugwira ntchito chaka chomwecho chimene makampani ankatseka mu Dublin monse. Usiku uliwonse makina ankalowetsa madzi a mankhwala m'mimba mwake kudzera pa kapaipi, n'kuwatulutsanso atatenga zoipa za m'thupi. Koma kwa milungu iwiri tsopano madziwo ankalowa bwinobwino, potuluka n'kumangodontha. Zikatero makina ankalira, khanda lawo Mwai nalo n'kulandira nyimbo.

Nesi Deborah sanabise mawu. Zikapitirira, Macdonald azikatsukidwa magazi kuchipatala masana, katatu pa sabata. Nanga ntchito yake ya ulonda pasitolo ina ku Lucan, yokhayo yotsala m'nyumbamo, ikanadikira munthu wojomba katatu pa sabata, anthu ali pamzere kuifuna?

Edna anagwada pansi n'kuyamba kulondola paipi ndi zala, kuti mwina yapindika penapake. Dzanja lake linagunda chinthu chozizira kuseri kwa sutikesi. Anakoka. Anali mabotolo atatu a mankhwala ofewetsa m'mimba, onse osatsegula. Nesi uja ankachita kubwereza ngati pemphero kuti munthu akadzimbidwa, matumbo amafinya kapaipi ndipo madzi satuluka.

"Izi n'chiyani?"

Macdonald anayang'ana kudenga.

"Munasiya liti kumwa?"

"Chibwerereni amayi."

Mayi ake a Edna anabwera kuchokera ku Dedza kudzathandiza kulera khanda. Kwawoko mkamwini ndi apongozi amalambalalana panjira, ndipo Macdonald mwambowo anaunyamula wonse mpaka ku Ulaya. Ankadyera kuchipinda, ankatsokomola asanatsike masitepe. Edna ankachita kunyadira kuti anakwatiwa ndi munthu woleredwa.

"Toileti ndi imodzi, mayi a Mwai," Macdonald ananong'ona. "Yagundana ndi chipinda chawo, khoma lake ngati katoni. Mankhwala amenewo sachenjeza. Ndizithamanga m'kolido nditagwira pamimba, apongozi akumva zonse? Ine ayi. Ndimayesera kuntchito."

"Ndiye zimatheka kuntchitoko?"

"Five days tsopano, osatheka."

Edna anakhala pansi pomwepo, mabotolo ali pamiyendo. Anafuna kukalipa, koma mphamvu zake zinali zitathera ku alamu ndi ku bere. Anangomva chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, kuti ntchito, tulo ndi moyo wa munthu zonse zikulendewera pa manyazi.

"Mukachotsedwa ntchito, mukawauza chiyani abwana? Kuti mumalemekeza apongozi?"

"Tsitsani mawu."

Kuseri kwa khoma kunamveka kutsokomola. Onse awiri anauma.

"Edna," anaitana amayi aja, mawu osasa ndi tulo, "uwauze bambo a Mwai kuti khomali limamveka mbali zonse ziwiri. Milungu iwiri ine osagona, kumapemphera kolona ndikuyesa matenda akula. Kani ndi ineyo matendawo? Ndinakwera ndege zitatu kudzaona mdzukulu, sindinabwere kudzamanga munthu m'mimba."

Macdonald anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Kenako anamva chitseko chikutseguka, bulangete likukwekwerezeka pa masitepe mpaka pabalaza.

"Amayi, pansipo pamazizira," anatero Edna atasuzumira pakhomo.

"Bola kuzizira kusiyana ndi belu lanulo. Kagoneni."

Edna anatsegula botolo limodzi, anathira m'kapu yoyezera n'kumupatsa mwamuna wake. Macdonald anamwa atatsinzina. Makina analiranso kawiri kusanache.

Linali tsiku lachiwiri, m'mawa, pamene Edna anamva mwamuna wake akudumpha pabedi, mapazi didididi m'kolido, chitseko cha toileti pha! Nthawi yomweyo pabalaza wailesi inakwezedwa mpaka nyumba yonse kunjenjemera. Anali azungu awiri akukangana za mabanki, m'Chingerezi chimene amayi aja sankamva ngakhale liwu limodzi. Koma amayiwo anamvetsera pulogalamu yonse mpaka kutha.