Makiyi a Pakhosi pa Bambo

Bambo anandipatsa nyumba akadali moyo, papepala losainidwa bwinobwino. Msonkho wa mphatso ndinalipira ndekha ndi ndalama za ntchito yanga yosoka. Achimwene anga sanaponyepo ngakhale khobidi, monganso sanachapepo bulangete ndi limodzi lomwe zaka zonse zimene bambo ankadwala. Koma maliro atangotha, ku ofesi ya msonkho anafika oyamba, atamanga tayi.

Mayi wa msonkho, wa magalasi okhuthala, anatifotokozera osamwetulira. Chimene munthu wapereka ali moyo ndi mphatso, ndipo ndi cha wolandirayo. Chimene wasiya pomwalira chimaphatikizidwa, boma litapepo gawo lake ngati chili chambiri, ana agawane zotsala.

"Choncho nyumbayi siili m'chuma cha masiye," anatero mayiyo. "Bola ngati malemuwo anaisiyadi."

"Anaisiya liti?" achimwene analumphira. "Ankagona momwemo mpaka tsiku lomaliza, makiyi ali pakhosi! Lendi ya chipinda chakumbuyo ankalandira okha. Mlongo wangayu anali wantchito chabe."

Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo, mwamphamvu ndithu. Iwo anandiyang'ana mokondwa ngati agwira mbava.

"Achimwene, mumafuna ndiwathamangitse bambo? Akagone kwanu, kumene alamu amatseka geti akaona wachibale?"

"Iwe, usandinyozere mkazi. Mayi, lembani zimene ndanenazo."

Analembadi. Kenako anatitembenuzira pepala kuti tione tonse. Mphatso imene woperekayo akuidyererabe si mphatso, anatero, ndiye nyumba ibwerera m'chuma cha masiye. Popanda nyumbayo chumacho chinali chochepa, chosayenera msonkho uliwonse. Tsopano chadumpha malire kutalitali.

"Nanga tilipira ndi chiyani?" anafunsa achimwene, mawu atachepa.

"Tiyamba ndi ndalama za kubanki ndi galimoto, zimene malemuwo analembera inuyo. Zikapanda kukwana, mugulitsa nyumba."

Sizinakwane. Nyumba anagula ndi munthu wogulitsa matayala, ndipo m'chipinda chimene ndinkawatembenuziramo bambo pabedi muli mulu wa matayala akale. Sindibisa, ndimadana nawo achimwene anga.

Tsiku limene ndinkasamuka anabwera wapansi, kudzatenga gawo lawo la mipando. Ndinawaika m'manja makiyi aja, ndi chingwe chake chomwe, chakuda ndi thukuta la bambo.

"Umboni wanu uwu, sungani," ndinatero. "Mwini nyumba watsopano anasintha kale loko."