Madebe a Lestina

M'chaka cha 1952, pa esiteti ya tiyi imene tinkagwira ntchito ku Thyolo panabwera lamulo lakuti munthu asabzale kanthu kuseri kwa nyumba zathu za antchito, zimene tinkati m'malaini. Maungu a munthu wina anali atayanga mpaka kulowa mu tiyi, abwana n'kukwiya. Wopezeka atabzala, anyamule katundu ndi banja lake tsiku lomwelo. Tonse tinazula timadimba tathu tikung'ung'udza.

Lestina, amene tinayandikana naye makomo, sanang'ung'udze. Anali mkazi wamfupi, wosayankhulayankhula, koma wamakani ngati mbuzi. Anayamba kutola madebe a palafini obooka, miphika yong'aluka ndi madengu othyolera tiyi otha ntchito. Lamlungu lililonse ankalawirira kwawo ku Nsabwe n'kubwerako atasenza dothi. Ine ndinamuseka, sindibisa. Anzathu amachoka kumudzi ndi ufa kapena nkhuku, iye dothi!

Dothilo ankalisakaniza ndi phulusa ndi zitosi za nkhuku, kulithira m'madebe muja n'kubzalamo ndiwo. Madzi otsukira mbale sankataya, ankathirira. Tikaweruka, ife n'kutambasula miyendo, iye ali jijirijijiri kusuntha madebe kuti alondole dzuwa. Pasanathe miyezi iwiri, kuseri kwake kunali biriwiri: mpiru, anyezi, matimati atalendewera pa timitengo. Anatigawira tonse, ndipo pakamwa panga pomwe panamuseka paja panatafuna bwinobwino.

Loweruka lina masana kunatulukira a Everson, kapitawo wathu, khasu lili paphewa. A Dixon, amuna a Lestina, anangoti kakasi pakhomo. Anali ndi ana asanu, ndipo kamunda ka ku Nsabwe kanali katagawidwa kale kwa achemwali a mkazi wawo. Akanachotsedwa pano, analibe kolowera.

"Mayi, lamulo simunalimve?" anafunsa a Everson.

"Ndinalimva, a Kapitawo. Pansi sindinabzalepo kanthu."

"Nanga dothili n'la yani? Si la kampani?"

Lestina anatapa dothi m'debe n'kulithira pansi. Linali lakuda bii, pamene la pa esiteti n'lofiira.

"La kwathu ili. Ndinachita kusenza ndekha."

A Everson anatsitsa khasu n'kukanda m'mutu. Sanali munthu woipa, koma nawonso ankaopa ntchito yawo.

"Chabwino, dothi ndi lanu. Koma madebewa akhala pa malo a kampani. Abwana akandifunsa ngati pansi pali chomera, ndikanena chiyani? Kunama ine sindinama."

 Lestina anapinda chitenje n'kupanga nkhata, anagwada, n'kudzitwika debe la matimati. Anaimirira chilili pamaso pa a Everson. Koma madebe ndi madengu anali khumi ndi awiri, mutu wake unali umodzi.

Mtima unandipweteka, ndipo ndinachita manyazi. Ndinakuwa kuti, "Teleza! Marita! Mukuonerera chiyani? Ndiwo zija munadya si izi?" Ndinagwada n'kusenza debe la mpiru. Amayi anatuluka m'nyumba mmodzimmodzi, aliyense n'kusenza lake. Dengu lomaliza linasowa mwini, ndiye a Dixon, bambo wandevu zake, analisenza okha. Tinaima mzere, anyezi akugwedezeka pamitu pathu.

A Everson anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenaka anatiyang'ana ife, milomo ikunjenjemera pofuna kuseka.

"Ndaona ndi maso angawa," anatero. "Pansi palibe chomera. Ndikanena zomwezo. Koma sabata yamawa ndikabwera, ndisadzavutitse makosi a anthu. Mukhome thandala, a Dixon, lalitali ndithu."

Anabweza khasu paphewa n'kumapita, ndipo sanacheuke.

Ife tinaimabe mpaka anakhota pa ngodya ya malaini. Debe lija linkandikanikiza ngati mwala, khosi likuwawa, chonsecho ndine munthu wozolowera dengu lodzaza tiyi. Lestina anabwera kudzanditula. Ndinamugwira dzanja.

"Achemwali, kuchokera ku Nsabwe mumapumula kangati panjira?"

Anaganiza pang'ono, ngati ndamufunsa zachilendo.

"Sinditula," anatero. "Ndikatula, palibe wonditwika."