Kaseti ya M'sutikesi

Trymore anaba kasetiyo Lachiwiri masana, bambo ake ali ku Makoni kosoka nsapato. Inali m'sutikesi pansi pa bedi, yokulungidwa m'duku. Ankati aibweza dzuwa lisanalowe.

Zonsezi zinayamba ndi Tarisai. Mtsikanayo ankajambula filimu ya kondakitala wa minibasi, zija amati kombi, amene mtima wake unakodwa ndi wogulitsa tomato, ndipo Trymore ndiye ankakonza nyimbo zake m'kachipinda kake kwawo ku Unit N. Ya rege inatheka, ya soul inatheka, mnzawo Shadrick anaimba rapu m'Chishona mpaka mawu kusasa. Koma nyimbo yomaliza, ya pamene awiriwo akusiyana, Tarisai anaimvera n'kunena kuti ilibe mtima. Trymore, amene anali asanamuululire Tarisai za mtima wakewake, mawuwo anamulasa.

Apa m'pamene anakumbukira kaseti. Malemu mayi ake anaijambula kale ali pafamu, bambo atapita ku Malawi kumaliro n'kukhalako miyezi isanu. Mayiwo sankadziwa kulemba, ndiye analankhula m'kaseti n'kupatsira dalaivala wa basi. Pakati pa nkhani za mvula ndi za ana, anaimba kanyimbo kopeka okha, koitana mwamuna wawo kuti abwere. Mawu awo kulibenso kwina kumene anatsala. Bambo ake, a Naison, ankaimvera kamodzi pachaka, tsiku limene mkazi wawo anamwalira, ndipo chaka chino tsikulo linali Lamlungu likubwerali.

Kanyimboko kanalowa bwino m'kompyuta. Kenaka wailesi imene anabwereka inalira ngati yatsamwa, n'kutafuna tepi. Trymore anaisolola, anaipota ndi bolopeni, anayesa kulumikiza poduka ndi mankhwala opaka m'zikhadabo. Inadukanso pawiri.

Masiku anayi anadya osamva kukoma. Bambo akatsokomola kuchipinda, iye ankayesa kuti akukoka sutikesi. Tarisai atamva nyimbo yatsopanoyo anagwetsa misozi, anamugwira dzanja n'kufunsa kuti woimbayo ndani. Trymore ananama kuti ndi mayi wina wa kutchalitchi.

Lamlungu atabwera kuchokera kutchalitchi, bambo anavula jekete, anapukuta wailesi yawo, n'kugwada pambali pa bedi. Trymore anaima pakhomo. Masiku onse bambo akamulankhula Chichewa iye ankayankha m'Chishona, koma lero anasakasaka mawu a Chichewa amodziamodzi.

"Ababa, musatsegule. Ndinatenga ndine. Yaduka."

Bambo sanatembenuke. Anatsegulabe, anamasula duku, nayang'ana tepi yopotanapotana ija nthawi yaitali. Anafunsa chapansipansi ngati nkhani za mvula zija zapita. Zapita. Nanga pamene akutchula dzina la Trymore ali khanda? Naponso papita.

"Chatsala n'chiyani?"

Trymore anatulutsa foni. Anafotokoza za filimu, za Tarisai, mawu akusokonekera, kenaka anangodina. Besi ya rege inayamba kugunda, ndipo pamwamba pake panatuluka mawu a mayi, oonda, okhala ndi phokoso la nkhuku za pafamu kumbuyo. Bambo anakhala pabedi, chala chawo chikupapasa duku. Mayi asanamalize mzere wachitatu, Shadrick analowa ndi rapu yake.

"Uyu ndani akudula mayi ako pakamwa?"

"Shadrick, ababa."

"Mwana wa ndani? Ine zaka makumi awiri sindinawadulepo mawu."

Trymore anati amuchotsa. Achotsanso ng'oma, ngakhale nyimbo yonse m'filimumo, ngati bambo atafuna. Bambo anamvetsera mpaka nyimbo inatha. Anakulunga kaseti yoduka ija m'duku, naibwezera m'sutikesi, n'kutseka ndi loko imene Trymore anali asanaionepo ikugwira ntchito. Kiyi anaika m'thumba.

"Ng'omazo zisiye, mayi ako ankakonda kuvina. Mnyamatayo adikire amalize." Anatambasula dzanja osamuyang'ana. "Foniyo undisiyire. Iweyo tuluka kaye."