Tawaika Kuseri kwa Nyumba

Foni inkadukaduka, koma namwino wina, amene ankagwira ntchito kutali ndi kwawo, anamva bwinobwino mawu a mlamu wake: "Amayi tawaika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dimba lawo."

Kudwala amayiwo ankadwaladi, koma mpaka kuwaika m'manda osamuuza iye, mwana woyamba? Anakwera basi misozi ili mbwembwembwe, atakwiya kwambiri.

Atafika sanapatse moni aliyense, anangozungulira kuseri. Anawapeza amayi ake ali pampando, atafunda bulangete, akukalipira ana kuti sakuthirira bwino.

"Tinangowaika pampando kuti aothere dzuwa, alamu," anatero mlamuyo.

Namwinoyo anakhala pansi akuseka uku akulira.

"Takulandira mwanawe," anatero amayi, "koma dzuka, wakhalira mbande zanga."