Ziro wa Pachitseko

Filomena pochokera kumpopi, ndowa ili pamutu, mwana wake Tithokoze ali kumbuyo, anapeza anthu atatu ataima pakhomo pake, onse maso ali pachitseko. Dzulo lake ku Manje kunabwera anthu ovala majekete owala, nalemba manambala ndi penti yofiira panyumba zonse za m'tsinde mwa phiri. Sananene chifukwa. Pomacha, mphekesera inali itafika paliponse kuti nyumba za nambala ya odi, yosagawika pawiri, zisamutsidwa mvula isanagwe, koma za ivini zitsala.

Pachitseko chawo panalembedwa 31750.

Mwamuna wake, Laurenti, anali atagamula kale. Ankati ziro si kanthu, ndipo ukamuchotsa kumapeto kumatsala faifi. "Faifi sagawika, mayi a Titho. Ndife a odi basi."

"Zakuyenerani, alamu," anaseka Gertrude wa nyumba yoyandikana, amene nambala yake inali 31748. "Muzikachita odi m'makomo mwa eni."

A Obed, telala wa pamsewu, anapukusa mutu. Iwo ankakumbukira kuti kusukulu ankaphatikiza manambala onse, ndiye anawerenga ndi zala napeza sikisitini, ivini weniweni. Kenaka anaphatikizanso ya Gertrude. Inatuluka twente-firii. Gertrude analeka kuseka.

"Chaona mnzako chapita, mlamu," anatero Laurenti.

Filomena anatula ndowa. Sukulu anailekera Sitandade 7, ndipo za odi ndi ivini zinatsalira komweko pamodzi ndi yunifolomu. Koma tomato amagawa tsiku lililonse. Fifite amapanga milu iwiri osatsalapo, handiredi chimodzimodzi, sauzande nayenso. Anawauza kuti nambalayo ikugawika ndithu.

"Nanga ziroyo mumugawa bwanji?" anafunsa Laurenti. "Kanthu kopanda kanthu?"

Nthawi yomweyo mayi wina wogulitsa makala, podutsa, anawauza kuti ku Chilobwe anthu akuti osamuka ndi a ivini, a odi ndiwo atsale. Mkangano unayambiranso pachiyambi, aliyense tsopano akukana zimene ankalimbikira poyamba. Laurenti anayamba kufunsa ngati a Obed ali ndi penti yofiira, ngakhale sankadziwa kuti asinthe ziroyo akhale chiyani.

Filomena anachotsa maso pachitseko nayang'ana kumtunda. Chimwala chija chinaima pamwamba pa bafa lawo nthawi ya namondwe Freddy chinali pomwepo, dothi la pansi pake litakokoloka mpaka mizu kuonekera. Kumwera mitambo inali itayamba kuda.

Analowa m'nyumba, nayala chitenje pansi, nayamba kuikapo zovala za mwana.

"Mukutani kodi? Sitinadziwebe kuti ndife ati," anatero Laurenti.

"Ine ndi Titho tikakhala kwa achemwali ku Bangwe mpaka mvula itatha," anayankha akumanga mfundo. "Inu bambo a Titho, kafunseni mwalawo ngati umadziwa kuwerenga. Ukakuyankhani mutipeze."